Katundu wagwidwa kukasitomu: chimachitika n'chiyani, nanga titani?

Mayi wina wa mumpingo mwathu kuno ku Birmingham analandira oda yabwino chaka chatha: zitenje 30 zofanana za yunifolomu ya chinkhoswe cha banja lina la ku Wolverhampton. Mayiwa amagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, masana n'kumagulitsa zitenje pa Facebook ndi pa WhatsApp. Anatumiza ndalama kwa mng'ono wawo ku Limbe, zitenje zinagulidwa, ndipo phukusi linanyamuka kutatsala mwezi wathunthu kuti mwambo uchitike. Pasanathe sabata linali litafika kale m'dziko muno. Kenako linangoima. M'mawa uliwonse mwana wawo wamkazi wa zaka 16 ankayang'ana pafoni, koma uthenga unali womwewo: lili m'manja mwa a kasitomu.

Chinavuta chinali pepala. Mng'ono uja, pofuna kuthandiza achemwali ake kuti asalipire msonkho, analemba pafomu kuti m'katoni muli "clothes", kuti ndi mphatso, ndipo mtengo wake ndi £20. Anaikaponso nambala ya foni yake ya ku Malawi m'malo mwa ya wolandira. Ofufuza atatsegula n'kupeza nsalu 30 zatsopano zamtundu umodzi, anafuna umboni wa mtengo weniweni, koma uthenga wawo sunafike kwa mwini wake msanga. Phukusi linatuluka chinkhoswe chitadutsa. Mayi aja anabweza ndalama za anthu, ndipo zitenjezo akugulitsabe chimodzichimodzi mpaka lero.

Ambiri a ife tili ndi nkhani yofanana ndi imeneyi. Ena timaoda zitenje, tiyi ndi mpunga kumudzi n'kumagulitsa kuno. Ena timagula mafoni, nsapato ndi zovala ku Bullring kapena pa intaneti n'kumatumiza kwa makasitomala ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete. Enanso timasoka madiresi n'kumagulitsa pa Etsy ndi pa eBay kwa anthu a ku Dublin kapena ku Texas. Geni yotereyi ndi imene ikulipirira ana sukulu kumudzi ndi kumalizitsa nyumba ku Area 49. Phukusi limodzi likagwidwa, mpamba wonse umatha kugwidwira komweko. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa mmene zinthu zimayendera.

Phukusi limadutsa kuti?

Katundu wolowa ku UK amayang'aniridwa ndi mabungwe awiri. HMRC ndi imene imatolera misonkho, monga imachitira MRA kwathu. Border Force, yomwe ili pansi pa unduna wa Home Office, ndi imene imaunika mapukusi ndi kutsegula amene yawakayikira.

Makalata ndi timapukusi ting'onoting'ono ta Royal Mail timadzera pamalo aakulu osankhirapo katundu ku Langley, pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow. Mapukusi akuluakulu a Parcelforce amadzera ku Coventry, pakhomo pathu pomwe pano. Makampani monga DHL ndi UPS amatsitsa katundu wambiri pabwalo la ndege la East Midlands. Tikaona maina amenewa pafoni tisadabwe, ndi njira yake. Tisanyamukenso kupita ku Coventry n'cholinga chokatenga phukusi pamanja, chifukwa katundu amene a kasitomu sanamumasule saperekedwa pageti.

Masiku ano zambiri za phukusi zimatsogola pakompyuta, phukusilo lisananyamuke n'komwe. Zimene talemba pafomu ndi zimene zimachititsa kuti lidutse kapena lipatulidwe. Kuchedwa kwambiri kumayambira patebulo lathu lomwe, pamene tikudzaza fomu mothamanga.

Mafunso anayi a kasitomu

Kaya ndi ku Coventry, ku Dublin kapena ku Chileka, a kasitomu amafuna mayankho a mafunso anayi.

Loyamba: m'katimu muli chiyani? Mawu ngati "clothes", "food" kapena "goods" sakwanira. Tilembe kuti ndi nsalu za thonje zosindikizidwa maluwa, zidutswa 30, chilichonse mamita 2. Katundu aliyense ali ndi nambala yake pa mndandanda wa dziko lonse wotchedwa Harmonized System, umene umayendetsedwa ndi bungwe la World Customs Organization ku Brussels. Manambala 6 oyamba ndi ofanana m'maiko pafupifupi onse. Tiyi amayamba ndi 0902, khofi 0901, mpunga 1006, nsalu zopepuka za thonje 5208, mafoni 8517, kaunjika 6309. Nambala yonse tingaipeze mwaulere patsamba la boma la gov.uk, pagawo la Trade Tariff. Kuno amafuna manambala 10 pa katundu wolowa ndi 8 pa wotuluka.

Lachiwiri: ndi wa ndalama zingati? Apa afuna mtengo umene wogula walipiradi, ndipo ugwirizane ndi lisiti komanso zimene zikuoneka kubanki kapena pa PayPal.

Lachitatu: anapangidwa kuti? Funsoli silikunena za kumene tagula. Chitenje chogulidwa mumsika wa Limbe chikhoza kukhala chopangidwa ku Blantyre komweko, kapena ku Tanzania, ku India kaya ku China. Kusiyana kwake n'kwa ndalama. Kuyambira pa 19 June 2023, UK ili ndi ndondomeko yotchedwa Developing Countries Trading Scheme, imene imalola katundu wopangidwa m'maiko monga Malawi ndi Zambia kulowa popanda msonkho wa dyute, kupatula zida zankhondo. Koma mwayiwu ndi wa katundu wochokeradi kumeneko, ndipo wotumiza ayenera kulemba chitsimikizo cha zimenezi pa invoisi. Tiyi wa ku Thyolo ndi khofi wa ku Mzuzu alibe vuto pamenepa. Chitenje cha ku China sichisanduka cha ku Malawi chifukwa choti chinagona ku Limbe.

Lachinayi: akutumiza ndani, akulandira ndani? Maina athunthu, keyala yonse, foni ndi imelo ya wolandira imene amaitsegula tsiku ndi tsiku. Amene tikuchita malonda tikhalenso ndi nambala ya EORI, yoyamba ndi zilembo GB. Imaperekedwa ndi HMRC mwaulere, ndipo timafunsira pa intaneti.

Potumiza papositi kuchokera kuno, mayankhowa amalembedwa pafomu ya CN22 ngati katundu sakupitirira £270, kapena CN23 ngati akupitirira. Makampani onyamula katundu amafuna invoisi yamalonda. Tizisunga chithunzi cha fomu iliyonse, ndipo invoisi ina tiziika m'kati mwa katoni, kuchitira kuti yapanja ikhoza kumatuka.

Mphatso ndi malonda n'zosiyana

Kwathu timakonda kunena kuti "ingolembani gift". Lamulo la kuno limati mphatso ndi katundu amene munthu watumizira munthu mnzake kwaulere, wa pamwambo monga tsiku lobadwa. Ngati mtengo wake sukupitirira £39, salipitsa kanthu. Ukapitirira pamenepo pamakhala VAT, ndipo ukapitirira £135 pakhoza kukhalanso dyute. Katundu amene tamulipira, kapena amene tikukamugulitsa, si mphatso ngakhale atatumiza ndi mayi athu otibereka.

Kulemba bodza kuli ndi mavuto atatu. Phukusi limachedwa, monga taonera. Katundu akhoza kulandidwa ndipo mwini wake kulipitsidwa chindapusa. Chachitatu ambiri sitichiganizira: phukusi likasowa, chipukuta misozi chimawerengedwa potengera mtengo umene tinalemba. Amene analemba £20 pa katundu wa £200 wadzibera yekha.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Zitenje zagulidwa pa £200, kutumiza kwadya £60. Ngati zili ndi chitsimikizo choti n'zopangidwa ku Malawi, dyute palibe. VAT ndi 20 pa 100 iliyonse, ndipo imawerengedwa pa mtengo wa katundu kuphatikizapo wa mayendedwe, kutanthauza £52 pa £260. Pamwamba pake wonyamula katundu amaikapo yakeyake yogwirira ntchito ya kukasitomu: Royal Mail imatenga £8, Parcelforce £12, makampani ena ali ndi mitengo yawo. Choncho zitenje za £200 zafika pakhomo zitadya pafupifupi £320. Wogulitsa amene sanawerengere zimenezi poika mtengo amadabwa kuti phindu lapita kuti. Zakudya zambiri monga tiyi ndi mpunga, komanso zovala za ana aang'ono, zilibe VAT. Ziwerengerozi boma limazisintha nthawi ndi nthawi, choncho tiziyamba taona pa gov.uk tisanaode katundu wambiri.

Zakudya ndi zina zovuta

Chimene timachisowa kwambiri kuno ndi ndiwo zakwathu, ndipo n'zimenenso zimagwidwa kwambiri. Nyama ndi zamkaka zochokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique siziloledwa kulowa m'phukusi la munthu wamba, ngakhale zitakhala zofutsa kapena zouma. Nsomba zouma monga usipa ndi utaka munthu amaloledwa kubwera nazo zodya pakhomo pake, osapitirira makilogalamu 20. Koma zikakhala zogulitsa malamulo ake ndi ena: zimafuna chikalata cha zaumoyo chochokera kuboma la kumene zachokera, ndipo zimalowera pamalo osankhidwa ounikirapo zakudya. Ndiwo zamasamba zaziwisi, zipatso zambiri ndi mbewu zodzala zimafuna chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda ndi tizilombo. Mtedza amauyang'anitsitsa chifukwa cha chuku, chomwe chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin.

Osema ziboliboli asamale ndi mtundu wa mtengo. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mukula zinaikidwa mu 2019 pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa ndi pangano la CITES, choncho tizifunsa za chilolezo tisanatumize. Za minyanga ya njovu tisayerekeze n'komwe.

Potumiza kuchokera kuno, mafuta onunkhira a perefyumu ndi utoto wa zikhadabo saloledwa papositi yopita kunja, chimodzimodzinso mabatire a lithium amene sali m'kati mwa foni kapena laputopu. Mankhwala akuchipatala ogulitsa ku Malawi amafuna chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kabotolo kamodzi kobisidwa m'nsapato kakhoza kuimitsa katoni yonse.

Tikamagulitsa kunja

Kuyambira pa 1 January 2021, UK itamaliza kutuluka mu European Union, phukusi lopita ku Dublin, ku Berlin kapena ku Lisbon limafuna mapepala a kasitomu ngati lopita ku Lilongwe. Pa 1 July 2021 maiko a EU anachotsanso mwayi woti katundu wosapitirira €22 azilowa popanda VAT. Panopa eBay ndi Etsy amatolera okha VAT pa oda yosapitirira €150, kudzera m'ndondomeko yotchedwa IOSS, ndipo amatipatsa nambala yoti tiipereke kwa wonyamula katundu pogula chizindikiro chomata pakatoni. Tikaiwala kuiika, kasitomala wathu amalipitsidwa kachiwiri pakhomo, ndipo mkwiyo wake umagwera ife. Kuyambira pa 13 December 2024 palinso lamulo la chitetezo cha katundu lotchedwa GPSR, lomwe limafuna kuti wogulitsa akhale ndi womuimira wokhala mu EU, dzina ndi keyala yake zilembedwe pakatunduyo. Lamuloli limagwiranso ntchito ku Northern Ireland.

Ku America, kwa zaka zambiri katundu wosapitirira $800 ankalowa popanda msonkho. Pa 29 August 2025 boma la kumeneko linaimitsa mwayiwu kwa maiko onse, ndipo mapositi a maiko ambiri anayamba aima kaye kutumiza mapukusi kumeneko kuti akonze njira yotolerera msonkhowo.

Tisanagulitse tizigwirizana ndi kasitomala kuti msonkho alipira ndani. Amalonda ali ndi zilembo ziwiri za zimenezi. DAP ikutanthauza kuti wogula adzalipira yekha katundu akafika. DDP ikutanthauza kuti ife talipiriratu n'kuphatikiza pamtengo. Njira yachiwiriyi imaoneka yodula, koma phukusi silidikira munthu amene sakuyankha foni, ndipo kasitomala sadzidzimutsidwa ndi ngongole imene sanaiyembekezere.

Katundu wopita kumudzi

Ambiri timatumiza m'kontena yophatikizana ndi anzathu. Imachoka kuno kupita kudoko la Felixstowe, Southampton kapena London Gateway, n'kuyenda panyanja mpaka ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenako pamtunda kukalowera pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe. Ulendowu ndi wa miyezi, osati masabata. Wapandege amatsikira ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka.

A MRA amawerengera msonkho pa mtengo wa katundu kuphatikizapo mayendedwe ndi inshulansi, ndipo akakayikira mtengo umene talemba ali ndi mphamvu yoika wawo. Wochita malonda amafunika nambala ya msonkho, ndipo katundu wambiri amaomboledwa kudzera mwa ajenti wovomerezeka. Tsiku lililonse limene katundu wagona m'nyumba yosungiramo limalipiridwa, ndipo amene wakhalitsa osaomboledwa amatha kugulitsidwa pa okushoni.

Vuto la kontena yophatikizana n'loti munthu mmodzi akabisa kanthu, tonse timadikira. Tisanapereke katundu kwa wotumiza, timufunse mafunso awa ndipo mayankho ake akhale olembedwa: kodi mtengowu ukuphatikizapo msonkho wa ku Malawi? Ajenti wanu kumeneko ndani? Kontena ikachedwa, zolipira posungira ndi za ndani? Safunsa anadya phula. Tipemphenso nambala ya kontena kuti tizitha kuilondola tokha pa intaneti.

Kuchedwa kwina sikukhala kwa kasitomu

Tisamafulumire kuloza chala a kasitomu. Mu January 2023 akuba a pakompyuta anasokoneza makina a Royal Mail, ndipo kwa masabata angapo mapukusi opita kunja sankatumizika. Mu March 2019 namondwe wa Idai anaononga mzinda wa Beira ndi misewu yotulukira kudoko. Kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima zambiri zinasiya kudzera pa Red Sea chifukwa cha kuthiridwa nkhondo, n'kumazungulira ku Cape of Good Hope. Nyengo ya Khrisimasi nayo imadzaza malo onse osankhira katundu. Izi sitingazisinthe, koma tingazikonzekere potumiza msanga. Katundu wa ukwati, wa chinkhoswe kapena wotsegulira sukulu tizimupatsa nthawi yowirikiza kawiri imene wonyamula walonjeza.

Phukusi likaima

Masiku awiri kapena atatu kukasitomu si vuto. Likapitirira sabata osasuntha, tiyambe kufufuza, motsatana chonchi.

Tiyambe taona imelo, ngakhale m'bokosi la mauthenga osafunika, komanso makalata apakhomo. Royal Mail imaponya kakhadi kotuwa kolembedwa "Fee to pay", ndipo Parcelforce imatumiza kalata. Phukusi limasungidwa pafupifupi masabata atatu. Tikapanda kulipira limabwezedwa kumene lachokera.

Kenako tiimbire kampani yonyamula katundu, chifukwa ndi imene imalankhula ndi a kasitomu m'malo mwathu. Tikhale ndi nambala ya phukusi m'manja. Funso loti "katundu wanga ali kuti?" silithandiza kwenikweni. Tifunse kuti, "Chikusowa n'chiyani kuti amasulidwe, ndipo ndichitumize kwa ndani?" Tilembe tsiku, dzina la amene tayankhula naye ndi nambala ya dandaulo lathu.

Zimene apempha tizitumize zonse pakamodzi: invoisi, umboni wa malipiro, chithunzi cha katundu ndi nambala yake ya pamndandanda uja. Ngati fomu inalakwika tivomere n'kupereka mtengo weniweni. Bodza lachiwiri lophimbira loyamba ndi limene limalanditsa katundu.

Ngati tikuona kuti atilipitsa mopitirira, nthawi zambiri n'kwanzeru kulipira kuti katundu atuluke, kenako n'kupempha kuti atibwezere. Fomu yake ndi BOR286 ngati phukusi linabwera ndi Royal Mail kapena Parcelforce, ndi C285 ngati linabwera ndi kampani ina. Tisataye chikalata chimene chinamatidwa pakatoni, ndi umboni wathu.

Tichenjerenso ndi akuba. Amatumiza mauthenga pafoni onena kuti phukusi lathu lagwidwa, tilipire kandalama kochepa podina pamene aikapo. Amadziwa kuti pa anthu 100 ena akudikiradi phukusi. Tisadine. Tilowe tokha patsamba la kampaniyo n'kulemba nambala ya phukusi, ndipo uthenga wachinyengowo tiutumize ku 7726, nambala yaulere yochitira lipoti.

Nanga kasitomala?

Kasitomala amapirira kuchedwa, chimene sapirira ndi kukhala chete kwathu. Timuuze ife tisanafunsidwe: phukusi laima pakuti, chifukwa chake n'chakuti, tachitapo zakuti, tidzakuuzaninso Lachisanu. Ndipo Lachisanulo tiyankhuledi, ngakhale zinthu zisanasinthe.

Malamulo a kuno ali kumbali ya wogula. Lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati wogulitsa apereke katundu pasanathe masiku 30, pokhapokha ngati anagwirizana tsiku lina, ndipo katundu akasowa panjira asanafike kwa wogula, vuto ndi la wogulitsa. Ngati wogula ananeneratu kuti akufunika pofika tsiku lakuti, monga la chinkhoswe, ndipo tsikulo ladutsa, ali ndi ufulu wolandira ndalama zake zonse. Mayi a zitenje aja sanachite chifundo pobweza, linali lamulo. N'chifukwa chake ndalama ya kasitomala tisamaidye katundu asanafike. M'dera lathu lino tonse timakumana kutchalitchi, kumzikiti, kumaliro ndi pa 6 July. Mbiri ya wogulitsa imayenda msanga kuposa phukusi.

Gawo la ana

M'mabanja ambiri mwathu, amene amadzaza mafomu a pa intaneti ndi kuimba foni m'Chingerezi ndi ana. Ananu, ntchito imeneyi ndi yaikulu, ndipo mukaona kuti fomu ikulembedwa zosayenera, nenani mwaulemu. Kuuza amayi kapena amalume kuti "tisalembe gift" si mwano, n'kuteteza mpamba wa banja. Mungathandizenso pokonza kabuku kapena tsamba la pakompyuta lolembapo phukusi lililonse: tsiku, katundu, nambala yake, mtengo ndi msonkho umene walipidwa. Kabukuka kadzathandizanso pa za HMRC, chifukwa malonda akapitirira £1,000 pachaka amayenera kulembetsedwa, ndipo kuyambira January 2024 misika ya pa intaneti imapereka kwa HMRC mbiri ya amene amagulitsa kawirikawiri.

Makolofe tikumbuke kuti akaunti yogulitsira ndi siginecha ya pafomu ziyenera kukhala za munthu wamkulu. Mwana atithandize, koma udindo ndi wathu, ndipo phukusi likagwidwa tisamukalipire ngati ndiye Border Force. Tiwafotokozerenso abale akumudzi amene amatitumizira katundu. Iwo amalemba "gift" chifukwa chotikonda. Tiziwatumizira pa WhatsApp mawu enieni oti akopere pafomu, m'Chingerezi, mzere ndi mzere, ndipo atitumizire chithunzi cha fomuyo asanachoke pakauntala.

Mayi aja sanasiye geni. Oda yotsatira inali ya ukwati wa ku Coventry. Mwana wawo ndiye analemba mawu a pafomu n'kuwatumiza ku Limbe, mtengo unalembedwa weniweni, ndipo VAT inali itawerengeredwa kale pamtengo wa chitenje chilichonse. Phukusi linagona kukasitomu usiku umodzi.